Ndege Yachikasu ya Tiyu Benjamin

Lachinayi m'mawa, Brígida ali m'nkhokwe yake ya mbatatesi ku Chimbonila, foni inalira. Anali Che Abdulai, makaniko wa pa bwalo la ndege la Lichinga.

"Dona Brígida, mwandivutitsa chaka chathunthu kuti ndikupezereni ndege. Tsopano zapezeka ziwiri, ndipo Loweruka zonse zikhala m'shedi mwanga. Mubwere ndi bambo."

Brígida anali mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri. Anakulira ku Malawi, kumene makolo ake anathawira nthawi ya nkhondo, ndipo atabwerera kwawo ku chigawo cha Niassa anayamba ndi kamunda ka nyemba ndi khasu limodzi. Tsopano anali ndi minda iwiri ikuluikulu, wa mbatatesi ku Chimbonila ndi wa nyemba ndi soya ku Majune. Ana atakula n'kuchoka pakhomo, anachita chinthu chimene anzake a kutchalitchi anakamba miyezi itatu: anapita ku Beira kukaphunzira kuyendetsa ndege. Ankapita miyezi iwiri, kubwera kudzakolola, kupitanso, mpaka anatenga chiphaso. Koma kuno kunalibe ndege yoti abwereke, ndipo chiphasocho chinkangogona m'chikwama.

Loweruka anafika pa bwalo nkhungu isanathe m'mitengo ya paini. Anabwera ndi amuna ake, a Estevão, mphunzitsi wopuma ntchito, wamkulu thupi, wokonda kuseka, amene bondo lakumanzere linkawavuta. Ndege ankaziopa ndithu, koma ankayesetsa kubisa. Brígida ankadziwa, koma sankanena.

Che Abdulai anawalandira ndi manja a girisi. Iwo anali mwana wa asodzi a ku Meponda, ndipo anayamba ndi kukonza mainjini a maboti asanapite ku Maputo kukaphunzira za ndege. Atalonjerana, analoza ndi sipanala. Kumanja kunali ndege yoyera ya mzere wabuluu, mapiko ake ali m'munsi mwa thupi, yonyezimira ngati yagulidwa dzulo. Kumanzere kunali yachikasu, mapiko ali pamwamba, penti yosuluka, matayala aakulu. Zonse zinali za injini imodzi ndi mipando inayi, ndipo zonse zinali zakale kuposa Lénia, mwana woyamba wa Brígida ndi a Estevão. Mitengo yake sinkasiyana kwenikweni.

Mwini wa yoyera anali Elísio, wamalonda wa ku Nampula, amene ankaigulitsa chifukwa ankafuna ya mainjini awiri. Anali munthu wansangala, ndipo ndege yake ankaikonda.

"Dona Brígida, iyi mukanyamuka kuno mutamwa tiyi, ku Nampula mufika nkhomaliro isanapse. Matayala ake amapinda n'kulowa m'mimba, ndiye mphepo siigwira. Mipando ndinaikutira chaka chatha. Tiyeni muimve nokha."

Chitseko chinali chimodzi chokha, ndipo kuti munthu alowe ankayamba waponda pa phiko. A Estevão anaponda, bondo linakana, anagwira Elísio paphewa, n'kulowa chafutambuyo mpaka anagwera pa mpando wa kumbuyo.

"Ndalowa," anatero ali wefuwefu. "Zotuluka tikambirana tikabwerako."

Brígida anakhala pa mpando wa woyendetsa, Elísio pambali pake. Ndege inathamanga mtunda wautali isananyamuke, pakuti Lichinga ali pamwamba ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Koma itangochoka pansi, matayala n'kulowa, inasanduka chinthu china. Brígida akangoikhudza pang'ono, inkamvera. Tauni inatsalira m'mbuyo, mapiri anayamba kutsetsereka, ndipo mphindi khumi zitangodutsa nyanja inatulukira kutsogolo, ndi mathandala oyanikapo usipa a ku Meponda akuoneka ngati timabokosi ta machesi. Ulendo umene pa galimoto unkadya ola ndi theka. Brígida anapezeka akuseka yekha.

"Nanga pa bwalo la dothi imatera?" anafunsa pobwerera.

Elísio anakanda kumutu. "Kutera imatera, koma sindikunamizani, siikonda. Bwalo likhale lalitali, losalala. Miyala imamenya mapiko, poti ali pansi."

Atatera, panatenga anthu awiri kuti a Estevão atuluke. Iwo ndiwo anaseka kwambiri kuposa onse.

Mwini wa yachikasu anali atakhala pa chitini cha penti nthawi yonseyi. Anali nkhalamba yowonda ya zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, yovala magalasi ochindikala, ndipo pa bwalo aliyense ankawaitana Tiyu Benjamin, ngati kunena kuti amalume. Zaka makumi atatu ananyamula odwala ndi mankhwala pa ndege imeneyi, akugwira ntchito ya mishoni ina, ndipo mishoniyo itasiya za ndege iwo anaigula. Chaka chatha dotolo anakana kuwasainira pepala la zaumoyo chifukwa cha maso, ndiye sakanathanso kuiyendetsa.

Che Abdulai anakokera Brígida pambali. "Konzekani. Abwera kale ogula awiri, wina wa ku Tete, wina wa ku Quelimane. Onse anathawa."

Brígida anapita kukagwira dzanja la nkhalambayo ndi manja awiri. Iwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Musanaikhudze, mayi, ndikuuzeni zoipa zake. Ndi yochedwa. Tsiku lina mphepo itandikana ndinaona basi ya ku Cuamba ikundipitirira pansi. Chitseko chakumanzere chimatseguka chokha m'mwamba ngati simunachimenyetse. Geji ya mafuta ya phiko lakumanja imanama, ikati theka mudziwe kuti atsala pang'ono, choncho muziyeza ndi kamtengo aka. Mvula ikagwa imadontha pa bondo la wokhala kumanja. Wailesi yachiwiri inafa kalekale. Kukazizira, m'mawa siidzuka msanga, imatsokomola kaye. Komanso injini yakalamba, zaka zitatu kapena zinayi iyenera kutsitsidwa kuti ikonzedwe yonse."

"Nanga zabwino zake, Tiyu?"

"Simunandifunse zabwino."

"Ndi zomwe ndikufunsazi."

"Sinandiphe," anayankha, n'kumupatsa kamtengoko.

Sanamulole kukwera mpaka atayendera ndege yonse iwo akuyang'ana. Brígida anakwera pa makwerero n'kuyeza mafuta m'mapiko onse awiri, anatapa pang'ono m'kabotolo kuti aone ngati mulibe madzi, anagwedeza chiwalo chilichonse chimene chimayenda. A Estevão anatsegula chitseko chakumanja, anakweza mwendo kamodzi, n'kukhala kumbuyo ngati akukwera minibasi. Tiyu Benjamin anakhala kutsogolo kumanja, manja atapinda pachifuwa.

"Tipite kuti?" anafunsa Brígida.

"Munda wanu wa ku Majune uli pafupi ndi kabwalo kakale ka mishoni. Ngati mukuti mudziwa kuyendetsa, katitereni kumeneko."

Ndege inathamanga pang'ono chabe n'kunyamuka, ikulira ngati chigayo. Inkakwera mosafulumira. Atangodutsa nyumba za ku Assumane, kwawo kwa Brígida, kunamveka phwaa! Chitseko cha Brígida chinatseguka kampata, mphepo n'kulowa, ndipo chipewa cha a Estevão chinaulukira kumbuyo. Brígida sanachotse manja pa chiwongolero. Anapitiriza kukwera, ndipo atafika pamwamba pokwanira anatsegula kazenera, anakankha chitseko pang'ono, n'kuchimenyetsa ndi mphamvu za munthu wozolowera kusenza matumba. Chinatsekeka.

"Ndinakuuzani," anatero Tiyu Benjamin. Patapita kanthawi anawonjezera, "Wa ku Tete uja anakuwa."

Mapiko poti anali pamwamba, pansi pankaoneka ponse. Brígida anaona mitsinje, misewu ya ngolo, ndipo patatha mphindi makumi anayi anaona munda wake womwe, ndi denga la nkhokwe limene linali litang'ambika mbali imodzi popanda womuuza. Kabwaloko kanali kafupi, ka udzu wouma ndi dothi lofiira. Tiyu Benjamin anamuuza kuti adutse kaye chapansipansi kuti mbuzi zithawe, ndipo asamale chulu cha kumapeto. Brígida anachita zimenezo, anazungulira, n'kutsika. Ndege inagunda pansi, inadumpha, inagundanso, kenako inakhazikika n'kuima kutali ndi chulucho. Ulendo wonse wobwerera nkhalambayo inangoyang'ana panja.

Sabata yotsatira Che Abdulai anatsegula ndege zonse ziwiri. Anamasula timazenera ta m'mapiko ndi m'michira, anasuzumira ndi tochi ndi kagalasi, anayeza mphamvu ya mainjini, n'kuwerenga mabuku a mbiri ya ndege iliyonse tsamba ndi tsamba. Lachisanu atabwerako ku mzikiti anaitana Brígida.

"Yoyerayi ndi ndege yabwino, ndipo injini yake idakali ndi moyo wautali. Koma isanafike kwa Elísio inakhala zaka zingapo m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Taonani apa." Anawalitsa tochi mkati mwa mchira, pamene panali tiufa toyera pa chitsulo. "Ndi dzimbiri limeneli. Silinalowe kwambiri, likonzeka. Elísio sankadziwa, ndamuonetsa pa foni ndipo wati akonzetsa yekha. Koma matayala opindawa amafuna kuwayang'anira pafupipafupi, ndipo zipangizo zake zimachokera kutali. Mafutanso imamwa ambiri, ndipo mukudziwa kuti kuno mafuta a ndege amabwera m'migolo."

"Nanga yachikasu?"

"Moyo wake wonse yakhala kumtunda kuno kouma. M'kati mwake ndi moyera ngati mbale yotsuka. Zonse zimene ananena Tiyu n'zoona, chimodzichimodzi. Ndafunafuna choipa chimene anaiwala kutchula, masiku awiri, sindinachipeze."

"Inuyo mukanatenga iti, Che Abdulai?"

"Ine ndimakonza ndege, Dona, sindisankhira anthu. Iliyonse mwa ziwirizi, inshallah, idzakufikitsani n'kukubwezani."

Brígida anakhala masiku awiri mtima uli pawiri. Akatseka maso ankaona nyanja ija ikutulukira kutsogolo kwa ndege yoyera. Lamulungu m'mawa, ali pakhonde kwawo ku Assumane akumwa tiyi ndi chinangwa chophika, a Estevão analowa m'nyumba n'kubwera ndi kalendala ya chaka chatha, imene Brígida ankalembapo maulendo ake.

"Amake Lénia, tiyeni tione kumene mumapita. Osati kumene mumalota, koma kumene munapitadi."

Anatsegula mwezi ndi mwezi, chala chili pa manambala monga ankachitira m'kalasi. Ku Majune Brígida anapita kakhumi ndi kasanu ndi kawiri, ndipo kanayi galimoto inatitimira m'matope atangochoka pa tara. Ku Marrupa ndi ku Mavago, kokagula nyemba kwa alimi, anapita kasanu. Ku Nampula, kwa Lénia ndi adzukulu, anapita kawiri.

Brígida anayang'ana kalendalayo nthawi yaitali, kenako anaseka mwamanyazi.

"Ndikuuzeni zoona, bambo a Lénia? Ndimafuna anthu a ku Nampula andione ndikutsika m'yoyera ija. Ine, amene ndinabwerera kuno ndi mtolo umodzi pamutu."

"Zimenezo si tchimo," anatero a Estevão. "Mukaifuna tengani. Ndi inu munavutikira. Za bondo langa musaganize."

"Ndaganiza kale za bondo lanulo. Komanso ndege yoti ndizionekera nayo kawiri pa chaka, miyezi yonse yotsalayo ndikukankha galimoto m'matope, ndiye kuti chiyani?"

Madzulo a tsikulo anaimbira Elísio. Iye sanakhumudwe. Anati ankayembekezera zimenezo kuyambira pamene anafunsidwa za bwalo la dothi, ndipo anamuuza kuti akadzafika ku Nampula adzamupatse moni.

Lolemba Brígida anapita ku bwalo. Anapeza Tiyu Benjamin akupukuta galasi lakutsogolo la ndege yawo ndi kansalu kofewa.

"Tiyu, ndasankha yanu."

Nkhalambayo sinatembenuke. "Sindigulitsanso."

Che Abdulai, amene anali pansi pa ndege yoyera, anasiya kumenya chitsulo. Brígida anakoka chitini cha penti n'kukhala pansi.

"Ndakulakwirani, Tiyu?"

"Ayi." Anapukutabe galasi limene linali loyera kale. "Ana anga a ku Cuamba ndiwo anandikakamiza. Akuti ndege yongokhala imaonongeka, ndipo akunena zoona. Ogula aja ndinkawauza zoipa zake kuti achoke, ndipo ankachoka. Inu mwamva zonse, chitseko chakutsegukirani m'mwamba, koma mwabweranso." Anapinda kansalu kaja. "Loweruka lililonse ndimabwera kuno, ndimailiza injini, ndimaimvetsera, n'kuithimitsa. Ndikagulitsa, Loweruka ndizipita kuti?"

Brígida anawayang'ana kumaso. Sanafune kuwanyengerera ngati mwana, pakuti nkhalambayo ikanazindikira.

"Tiyu, munaona m'mene ndinaterera ku Majune."

"Ndinaona. Ngati thumba la chimanga logwa pa lole."

"Ndi zimenezotu. Maola anga onse ndinaulukira ku Beira, pa tara wautali, m'mphepete mwa nyanja. Mabwalo a dothi a Niassa sindiwadziwa, ndipo sanalembedwe m'buku lililonse. Ali m'mutu mwanu. Ndege ndigula, idzakhala yanga, zimenezo ndisakubisireni. Koma dotolo anakuletsani kuyendetsa. Kodi anakuletsaninso kukhala pa mpando wakumanja n'kumandikalipira?"

Tiyu Benjamin anavula magalasi, anawapukuta ndi kansalu komweko, n'kuwavalanso.

"Ndimakalipa kwambiri," anatero.

"Ndili ndi antchito makumi atatu ndi mwamuna mphunzitsi. Ndinazolowera phokoso."

Che Abdulai anaseka pansi pa ndege paja. Nkhalambayo inayenda pang'onopang'ono kuzungulira ndege yake, dzanja likusisita phiko, mpaka inabwerera pamene inayambira.

"Musaipake penti yoyera."

"Ndiipaka yachikasu chomwechi, chatsopano."

"Ndipo Che Abdulai yekha ndiye aziikonza."

"Kuli winanso kuno?"

Anagwirana chanza. Kusintha mapepala kunatenga mwezi ndi theka. M'nthawi imeneyo Che Abdulai anasintha loko wa chitseko, anamata podontha paja, n'kuika geji ina. Elísio anabwera kudzatenga ndege yake mchira utakonzedwa, ndipo Khirisimasi isanafike anaigulitsa kwa munthu wina wa ku Beira amene maulendo ake onse anali a m'mizinda.

Ulendo woyamba wa Brígida monga mwini ndege unali wa ku Mavago, kumayambiriro kwa Novembala, kokaonana ndi alimi a nyemba. A Estevão anakhala kumbuyo, ndipo asanathe theka la ola anali atagona, pakamwa pali yasa. Atafika pamwamba pa kabwalo ka kumeneko, Brígida anafunafuna kansalu kosonyeza mphepo koma sanakaone.

"Kulibe," anatero Tiyu Benjamin. "Kanadyedwa ndi dzuwa kalekale. Ine pansi sindikuona bwino, ndiye mundiuze inu. Pali amene akutentha zinyalala m'munda?"

"Alipo, kumpoto kwa bwalo."

"Utsi ukupita kuti?"

"Kumadzulo. Ukuyenda chogona."

"Ndiye mphepo ili ndi mphamvu. Mulowera mbali iti?"

"Ndichokera kumadzulo, ndiyang'ane kum'mawa."

"Chabwino. Musathamangire pansi. Isiyeni, ikhala yokha ikatopa."

Brígida anatsika pang'onopang'ono, anaigwira m'mwamba pang'ono pamwamba pa udzu, n'kudikira. Matayala anakhudza dothi kamodzi, osadumpha. Tiyu Benjamin anakhosomola.

"Mwatera kumanzere kwambiri," anatero.

Alimi anali asanafike. Dzuwa linali litakwera, ndipo pafupi panalibe mtengo. Mayi wina amene ankadutsa ndi dengu la mango anaima kudzaonerera, ndipo a Estevão, atadzuka, anagula mulu wathunthu. Atatuwo anakhala pansi pa phiko, mumthunzi, miyendo atatambasula pa udzu.

"Galimoto zonse zimene tinakhala nazo," anatero a Estevão akusenda bango ndi mano, "palibe imene inali ndi khonde lakelake."

Tiyu Benjamin anayamba kufotokoza za kabwalo ka ku Mecula, kamene kamatsetsereka mbali imodzi, ndi kamtsinje kamene kamasefukira mu Febuluwale. Brígida anapukuta madzi a mango m'manja, anatulutsa kabuku ndi cholembera, n'kuyamba kulemba. Chapatali, m'njira yochokera kumudzi, njinga za alimi zinayamba kuoneka.